Makutu a Che Twaibu ndi Mabuleki a ku Joni

Che Twaibu anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo pamene uthenga unkandipeza ku Monkey Bay anali atawasambitsa kale. Asilamu sachedwa ndi maliro. Ndinafika ku Mangochi anthu akubwerera kuchokera kumanda. Sabata yatha tinasonkhananso pa sadaka ya masiku makumi anayi. A shehe anayankhula za kupemphera kwawo, ana awo anayankhula za mmene anawalerera, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma panalibe amene anatchula za makutu awo, chonsecho ine ndili moyo lero chifukwa cha makutu amenewo.

Anali makaniko. Tauni yonse inkangowatcha Che Fundi, ndipo galaja yawo inali kuseri kwa msika, panjira yopita kumlatho. Ntchitoyi anaiphunzira ku Halale, kumene anakhala zaka zambiri akukonza mabasi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, wovala kofia yoyera imene sinkadetsedwa ngakhale atagona pansi pa lole tsiku lonse. Mpaka lero sindidziwa kuti ankachita bwanji.

Ukafika ndi galimoto, sankathamangira kutsegula boneti. Ankayamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba, kenako n'kukuuza kuti ulire mmene galimotoyo ikulirira. Kufotokoza ndi mawu sankakulandira, ankafuna ulire ndi pakamwa pako. Ndinaonapo mphunzitsi wamkulu wa sukulu, atavala tayi, ataima padzuwa akuti "gudu-gudu-gudu-tswii," Che Fundi atapendeketsa mutu, akumuuza kuti abwerezenso chakumapetoko. Amene ankachita manyazi ankauzidwa kuti wodwala wobisa pamene pakupweteka amabwerera ndi matenda ake. Ankakondanso kunena kuti galimoto siinama, amanama ndi mwini wake, makamaka ukamufunsa tsiku limene anathira oyilo komaliza.

Sanali munthu wophweka. Akazi awo, Abiti Juma, anakangana nawo moyo wawo wonse pa nkhani ya mbale. Mbale iliyonse yachitsulo imene inkalowa m'nyumba ija inkathera kugalaja, itadzaza palafini ndi mabawuti. Tsiku lina mayiwo anabwera ndi mpunga wa masana atauphulira m'chivundikiro cha tayala, atachitsuka bwinobwino, n'kuwaikira patsogolo anthu tikuona. Che Fundi anayang'ana, anati bisimila, n'kudya wonse. Atatha anayamikira kuti mbaleyo inali yabwino chifukwa sigwa.

Mnzawo wa mikangano anali a Batolomeyo, wowotcherera zitsulo wochokera ku Malindi, wa mpingo wa Angilikani, amene anali ndi shedi yawo pafupi ndi mlatho. Awiriwa ankadalirana pa ntchito, komanso ankanyozana ntchito. Che Fundi ankati a Batolomeyo amawotcherera ngati nkhuku yadutsapo. A Batolomeyo ankati Che Fundi amamvetsera galimoto nthawi yaitali pofuna kuti dzuwa lilowe asanagwire sipanala. Akakwiyirana zenizeni pankatha mwezi, nthawi zina iwiri, osapatsana moni, uku aliyense akufunsa makasitomala ngati mnzakeyo ali bwino.

M'zaka zawo zomaliza khutu lakumanzere linatseka. Zinawawawa kwambiri, ngakhale sanavomerepo. Ankati anthu a masiku ano amayankhula ngati ali ndi chimanga m'kamwa. Anayamba kuika chikhato pachitsulo injini ikulira, n'kumamva ndi dzanja zimene khutu linkawamana. Galimoto zatsopano za makompyuta ankazikana poyera. Ankati zimenezo n'za anthu owerenga, iwo ndi munthu womvera.

Koma nkhani imene ndikufuna kulemba inachitika kale, nthawi ya chipani chimodzi, makutu onse awiri ali akuthwa.

Nthawi imeneyo ndinali dalaivala wa a tcheyamani a chipani a dera lathu. Sindiwatchula dzina, ana awo alipo ndipo ndi anthu abwino. Anali ndi chigayo, malole awiri a nsomba, ndi galimoto yoyera yaitali kumbuyo imene ankaikonda kuposa zonse. Mlamu wawo pobwera kuchokera ku Joni anawabweretsera bokosi la mabuleki a galimoto za mpikisano. Munali madisiki aakulu obowolabowola, mapadi ofiira, ndi makalipa, zitsulo zija zimene zimagwira mapadi n'kuwafinyira kudisiki. Makalipawo anali aakulu pafupifupi kawiri kuposa akale. A tcheyamani anati zinthu zotere si za amakaniko a pansi pa mtengo. Tinapita nazo ku Blantyre, kugalaja ina ya magalasi kutsogolo, ndipo anatiikira.

Galimoto inkaimadi. Ukangogusa phazi, inkakhala pansi pomwepo. Koma inkalira. Kulira kwake kunali kosongoka, kolowa m'mano, ndipo kunkakula ukamaima pang'onopang'ono, monga pamsika kapena pakhomo la ofesi, pamene pali anthu ambiri. Tinabwerera ku Blantyre kawiri. Ulendo woyamba anati zisiya zokha. Ulendo wachiwiri anapaka girisi, ndipo tisanafike ku Liwonde inali itayambiranso.

Ana anayamba kutithamangira kumbuyo akutsanzira. Kenako tsiku lina pamsika mayi wina wogulitsa utaka anauza mnzake kuti nkhumba ya a tcheyamani yafika. M'tauni ya Asilamu ambiri, mawu amenewo anali olemera. Wina anawatengera ku ofesi. Anyamata a chipani anamulanda mayi uja dengu lake la nsomba, n'kumugwaditsa padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Kuyambira pamenepo galimoto ikalira anthu ankayang'ana pansi, milomo atailuma. Kwa a tcheyamani zimenezo zinali zowawa kuposa kuseka.

Ndiye Lachisanu lina m'mawa anandiuza kuti tipite kwa Che Fundi. Nduna inkabwera ku Mangochi Lamlungu, ndipo masana a Lachisanu lomwelo ndinkayenera kukwera phiri la Chowe kukatenga amayi ovina kuti adzakonzekere pa boma. A tcheyamani sanafune kuti galimoto yawo ikalire pamaso pa nduna. Tinapita anayi: iwo, ine, ndi amuna awiri a gulu la achinyamata a chipani, amene ankayenda nawo kulikonse. Mmodzi anali Kasimu, mbadwa ya ku Chowe komweko, bambo wa ana atatu.

Atapereka moni, Che Fundi anati, "Ikulira bwanji, bwana?"

"Ikulira ndikaponda buleki."

"Ndamva. Koma ikuti chiyani?"

A tcheyamani anandiyang'ana. "Iwe, auze."

Ndinakweza mutu n'kuti "kwiiiii." Kasimu anatembenukira kumbali.

Che Fundi analowa kutsogolo, natsitsa galasi, n'kundiuza kuti ndiyendetse. Ananditengera kunyumba ina yaitali yosungiramo katundu, nati ndidutse pafupi ndi khoma, chifukwa khoma limabweza phokoso. Ndinaponda pang'ono, inalira. Ndinaponda mwamphamvu, inangoti kwi, n'kusiya. Ndinabwerera chambuyo, inaliranso. Iwo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yakale. Pobwerera, pofuna kulowa pagalaja, ndinakhotetsa chiwongolero chonse kumanzere. Anandigwira mkono.

"Imani. Bwererani. Mukhotenso chimodzimodzi, koma buleki musaiguse."

Ndinachita.

"Mwamva?"

"Sindinamve kanthu, Che Fundi."

"Zimitsani injini, ingoyenda yokha."

Pamenepo ndinamva. Kanali kaphokoso kakang'ono, kofewa, ngati munthu akusesa kutali: shwe, shwe, shwe. Ndinali nditayendetsa galimoto imeneyo milungu isanu chiikireni mabulekiwo, koma makutu anga onse anali pa kulira kuja.

Anaikweza pa jeke mbali ya kumanja. Tayala lili chowongoka analizunguza ndi dzanja, panalibe kanthu. Anandiuza kuti ndikhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, nalizunguzanso. Shwe, shwe. Anamasula manati anayi, natulutsa tayala, nalowetsa mutu. Anakhalamo nthawi, kenako anatuluka, n'kutola manati aja mmodzimmodzi, n'kuwaika m'thumba la ovolosi yawo.

"Bwana, galimotoyi ili ndi maphokoso awiri. Lalikululo n'la manyazi chabe. Laling'onoli n'la maliro."

Anafotokoza. Kalipa yatsopanoyo, pokhala yaikulu, inakhala patali kuposa yakale. Paipi ya labala yotengera mafuta a mabuleki inali yomwe ija yakale, yaifupi. Kuti ifike, amene anaika aja anachotsa kachitsulo kamene kankaigwira, n'kuikoka. Tsopano galimoto ikakhota kwambiri, paipiyo inkakhudza mkombero wa limu, chitsulo chija chimene amavekapo tayala, ndipo limu linkaidya pang'onopang'ono. Labala anali atatha, ulusi wa m'kati ukuoneka.

A tcheyamani sanawerame n'komwe. Anayang'ana wotchi.

"Che Fundi, ine ndabwera kuti muchotse kulira. Za mapaipizo tidzaona nduna ikapita. Bwezerani tayala."

"Tayala ili silibwerera ndi paipi imeneyi."

"Galimoto ndi yanga."

"Ndi yanu, bwana. Koma manja amene amange manatiwa ndi anga."

Anthu anali atayamba kusonkhana, monga zimakhalira kuseri kwa msika. A tcheyamani anakweza mawu kuti onse amve.

"Galimoto iyi ikukatenga amayi okavinira nduna. Inu mukuikaniza. Ndiye tinene kuti mukufuna kusokoneza msonkhano wa chipani?"

Amene sanakhalepo nthawi imeneyo sangadziwe kulemera kwa funso limenelo. Anthu ankapita osabwerera chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Amene anali kumbuyo anayamba kuchoka mwakachetechete. Kasimu ndi mnzake anasendera pafupi, wina kumanja, wina kumanzere. Ine ndinaima pamenepo, dalaivala amene ndinkayenera kutsika Chowe ndi paipi imeneyo, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi mmene zinalili.

Che Fundi anapukuta manja ndi kansanza, natembenukira kwa Kasimu.

"Che Kasimu, akazi anu akuvina nawo chaka chino?"

Kasimu anazengereza. "Akuvina."

"Akwera galimoto iti?"

Kasimu anayang'ana galimoto ija.

"Bwerani mugwade apa. Muyang'ane paipiyi, musachotse maso." Kenako anandiitana ine. "Lowani, mupondeko buleki ndi mphamvu zanu zonse, ngati ng'ombe yalowa mumsewu."

Ndinaponda. Ine sindinaone, koma ndinamva Kasimu akuti "Laa ilaaha!" Pambuyo pake anandiuza kuti pamalo podyeka paja panatupa ngati khosi la chule, ndipo kadontho ka mafuta kanatuluka n'kutsetsereka.

Che Fundi anayankhula motsitsa mawu, kuti amve a tcheyamani okha ndi ife tinali pafupi. "Bwana, mukhoza kunditenga. Manatiwa mukawatulutse m'thumba mwanga ku ofesi, anthu awa akuona. Koma pa Chowe pali makona amene amafuna chiwongolero chonse ndi buleki yonse nthawi imodzi. Ikakaphulika pamenepo ndi amayi a nduna, ku likulu sadzafunsa kuti makaniko anali ndani. Adzafunsa kuti galimoto inali ya ndani."

Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Ijuma, pemphero la Lachisanu. Che Fundi anapita pamgolo, nasamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, navula ovolosi, n'kuipinda, manati ali momwemo, n'kuiika m'khwapa. Anatsanzika mwaulemu n'kumapita. Anyamata aja anayang'ana a tcheyamani kudikira lamulo. Lamulo silinabwere. A tcheyamani anakhala pa tayala lakale, n'kutulutsa mpango wopukutira thukuta.

M'Mangochi monse munalibe sitolo yogulitsa paipi yotalika chotero. Paipi imene inalipo inali pa galimoto yakufa ya mishoni imene inagona kuseri kwa shedi ya a Batolomeyo. Ndipo nthawi imeneyo awiriwa anali pa mwezi wachiwiri osayankhulana, chifukwa cha ekisozi ina imene inathothoka pa Nkopola. Pochokera kumzikiti Che Fundi sanatume munthu. Anapita okha. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ndinangoona akubwera onse awiri, a Batolomeyo atanyamula mapaipi awiri ndi tizitsulo tiwiri timene anali atangopinda kumene, akudandaula njira yonse kuti anthu ena amakumbukira anzawo pokhapokha zikawathina.

Anasintha mbali zonse ziwiri, ngakhale ya kumanzere inali isanadyeke kwambiri. A Batolomeyo anamangirira tizitsulo tija kuti paipi ikhale kutali ndi limu. Che Fundi anakhotetsa chiwongolero uku ndi uku kangapo, akulowetsa zala ziwiri pakati pa paipi ndi limu, mpaka anakhutira. Kenako tinatulutsa mpweya m'mapaipi, ine ndikupopa buleki, iwo akufuula kuti ponda, gwira, siya.

Atatha zimenezo m'pamene Che Fundi anatembenukira ku kulira kuja. Anatulutsa mapadi n'kutionetsa. Anali osalala, onyezimira ngati galasi, ndipo girisi ya ku Blantyre ija inali itafika kumaso kwake, kumene siyenera kufika. Anawatsuka, nawakhula pa sandipepala atamuyala pagalasi lathyathyathya mpaka kunyezimira kunatha. Anatenga tupa n'kusema pang'ono m'mphepete mwa padi iliyonse kuti isamakande disiki ndi ngodya yakuthwa. Anadula tizidutswa ta chitini, n'kutiika kumsana kwa mapadi, ndi kagirisi kochepa kwambiri kumsana komweko, kuti chitsulo chisamanjenjemere pa chinzake. Anachotsanso madisiki n'kupala dzimbiri limene linatsalira pansi pake, limene linkawachititsa kuti asakhale bwino.

Kenako tinatuluka pa msewu wa ku Monkey Bay, pamene pali powongoka. Anandiuza kuti ndithamange, ndiponde mwamphamvu mpaka itatsala pang'ono kuima, koma ndisaime, ndithamangenso. Tinachita zimenezo mobwerezabwereza mpaka fungo la mapadi otentha linalowa m'galimoto. Anati padi ndi disiki zatsopano zili ngati anthu okwatirana kumene, zimafuna kuzolowerana, ndipo ku Blantyre anazikwatitsa n'kuzisiya osazilangiza. Tinayenda pang'onopang'ono kuti zizizire. Polowa m'tauni ndinaima pamsika penipeni. Galimoto inaima mwakachetechete.

Popereka kiyi Che Fundi sanawanyengerere a tcheyamani. Anawauza kuti mabuleki amenewa anapangidwira galimoto zothamanga, amakonda kutentha, ndipo m'mawa kukazizira adzaliranso pang'ono mpaka atafunda. Zimenezo palibe angazichotse, pokhapokha atabwezera mapadi wamba. Ndiye anawonjezera kuti mayi wa utaka uja sanatukwane munthu, anangonena zimene anamva, ndipo anali ndi makutu abwino kuposa amakaniko a ku Blantyre. A tcheyamani anatenga kiyi n'kulowa m'galimoto.

Tinakwera Chowe dzuwa litapendeka, ndipo tinagona komweko. M'mawa mwake ndinatsika ndi amayi asanu ndi atatu, ng'oma ziwiri pamwamba, Kasimu ali pambali panga. Amayi ankayimba. Pakona ina yopinda kwambiri, yokhotera kumanzere, ndinapeza lole ya fodya itafa pakati pa msewu, popanda ngakhale nthambi yochenjeza. Kumanja kunali phompho. Chiwongolero chinali kale kumapeto. Ndinaponda ndi mwendo wonse mpaka msana unakanikiza mpando. Galimoto inaima, mphuno yake itatsala pang'ono kulowa pansi pa lole. Amayi anagundana mitu, wina anaseka, nyimbo inapitirira. Sanadziwe kanthu. Kasimu yekha ndi amene anandiyang'ana, kenako anatembenuka kuyang'ana mkazi wake kumbuyo.

Nduna itapita ndinakawafotokozera Che Fundi zonsezi. Anamvetsera akutsuka kabuleta. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Nanga inalira?" Ndinati ayi. Anati, "Chambone," kunena kuti zili bwino m'Chiyao, n'kupitiriza ntchito yawo.

A tcheyamani sanathokoze. Kwa miyezi ingapo anyamata a chipani ankafika pagalaja kawirikawiri kudzafunsa khadi la chipani, ndipo Che Fundi ankalitulutsa m'bokosi la masipanala ulendo uliwonse ngati akuliona koyamba. Kasimu sanabwere nawo ngakhale kamodzi. Dengu la mayi uja linabwezedwa, lopanda nsomba. Chaka chotsatira lole imodzi ya a tcheyamani inayamba kugogoda pansi. Anabwera okha, opanda anyamata, ndipo Che Fundi atafunsa kuti ikuti chiyani, anayang'ana uku ndi uku, natsokomola, n'kunena motsitsa kuti "go-go-go-go." Che Fundi anawapempha kuti abwerezenso.

Titamaliza sadaka sabata yatha ndinayenda wapansi kupita kuseri kwa msika. Shedi ya malata ya pagalaja ya Che Fundi anaigwetsa, malatawo anafolera khola la mbuzi la mwana wawo wamkulu. Dzenje limene ankalowamo pokonza pansi pa galimoto lakwiririka theka, ndipo nkhuku zimasamba fumbi mmenemo. Dothi la pamalopo ndi lakuda ndi lolimba, moti mvula ikagwa madzi amangoyenderera pamwamba, ndipo udzu wamera mozungulira koma pakati wakana. Mayi wina waika tebulo la tomato chakumsewu. Pa nthambi yaikulu ya mtengo wa mango pakadali tcheni chimene ankakwezera mainjini. Mdzukulu wawo anandiuza kuti anakwera ndi sowo kuti achichotse akagulitse kwa ogula zitsulo, koma anapeza kuti khungwa linachikuta kalekale, tcheni chinalowa m'kati mwa nthambi, ndipo sungachichotse popanda kudula mtengo. Anatsika n'kuchisiya.